Dambo la Pakati pa Bedi

Lolemba

Ndangofika kumene kuchokera ku chipatala ku Namitete. Ndatopa kwabasi. Si njinga ayi, ndi alamu.

Amake Tadala akupezako bwino. Lero akwanitsa masabata atatu chigonere m'wodi, kuchokera tsiku lija anagwa pa ngolo tikututa manyowa opita kudimba, msana n'kukana kuwongoka. Adokotala akuti atuluka Loweruka. Akagona kwa ang'ono awo a Esinati, amene akuwadikirira m'chipatalamo ndipo amakhala pa Namitete pomwepo. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi afika kuno.

Kufika kudzakhala kapena kufika kudzadutsa? Nkhani yagona pamenepo.

Alongo awo, alamu anga a Lufeyo, ndiwo eni mbumba. Andikokera pansi pa mtengo kuseri kwa wodi, chipewa chili m'manja, ulemu wonse. Ine ndimawadziwa. Ulemu wa a Lufeyo ukachuluka, kumbuyo kwake kumakhala nkhwangwa. Akuti, "Alamu, mlongo wangayu munamutenga chitengwa, sitinakugulitseni. Za bedi lanu tamva. Lamulungu tidzadzera kwanu. Likakhala monga akunenera, tidzapitirira naye kwathu ku Nsaru, abale ake akamusamale mpaka achire."

Ndayankha kuti zikomo. Njira yonse ndakhala ndikudzifunsa kuti zikomo wa chiyani.

Mkazi wa pa chitengwa akabwerera kwawo kukachira, tonse timadziwa mathero ake. Akazi a Chibwe a kutsidya anapita kukachira chifuwa. Mpaka lero akuchirabe, ndipo kumeneko ali ndi ana ena awiri.

Tsopano za bedi. Ndilembe chilungamo, kopeli silikauza munthu. Matiresiwa ndinagula ndine, zaka zinayi zapitazo nditagulitsa fodya. Amake Tadala ankati tikagule a m'sitolo m'tauni. Ine ndinagula a pamsika, a nsalu ya maluwa ofiira, chifukwa ndinkafunanso wailesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wailesi inafa chaka chomwecho. Matiresi akhala akufa pang'onopang'ono, kuyambira pakati.

Pakatipo pano pali dzenje. Ife timalitchula kuti Dambo. Ukagona m'mphepete umayamba kutsetsereka osadziwa, mpaka ukafike m'Dambo n'kupeza mnzako anafika kale. Tikayambana madzulo, aliyense n'kugona m'mphepete mwake moyang'ana kwina, kumacha titagundana misana pakati, ndipo zikatero kukwiya kumavuta. Amake Tadala ankati matiresi athu amaweruza milandu msanga kuposa ankhoswe. Tinkaseka nazo. Zikuoneka kuti anauzako a Esinati, ndipo a Esinati sanaseke.

Matiresi atsopano sindingathe. Ndalama zotsala za fodya ndi zogulira feteleza, ndikazikhudza chaka chamawa tidzagona bwino koma ndi njala. Mwayi wake aneba anga a Makwinja, a ku Phalombe aja anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti n'kukhazikika konkuno, akuti kunyumba kwa manijala anaonako siponji yopyapyala yoyala pamwamba pa matiresi okalamba. Akuti ukagonapo umaiwala dzina lako.

Dongosolo:
1. Lachiwiri, kukasankha siponji pa Msundwe.
2. Lachitatu, kuyala, kuyesa, kupita ku chipatala kukawauza.
3. Lachinayi mpaka Loweruka, kupuma monyadira.
4. Lamulungu, a Lufeyo kusowa chonena.

Matiresi ndawaimika kukhoma kuti nawonso apume. Ine ndigona pa mphasa.

Lachiwiri

Msana wadzuka bwino lero. Mwina n'chiyembekezo.

Pa Msundwe fumbi lokhalokha. Wogulitsa masiponji ali kuseri kwa a kaunjika, khomo ndi khomo ndi pomwera masese. Munthu wamtali, wa jekete yachikopa ngakhale kukutentha. Akunditchula kuti madala.

Ine ndimayesa siponji ndi siponji. Ayi ndithu! Wanditulutsira zinayi:
- Yoyera, yofewa. Ukaitsina zala zimakumana.
- Yachikasu, ya tizitunda ngati thireyi ya mazira. Akuti tizitundato timasisita msana mpaka kucha osatopa.
- Ya zidutswa zomata pamodzi, zamitundumitundu, yolimba ngati njerwa yootcha. Akuti amakonda ndi odwala a m'tauni.
- Chibulangete chonenepa cha pa kaunjika, cha nthenga m'kati, chonunkha galu wa kudziko lina.

Pa chilichonse akungoti, "Densite, madala, densite." Ndafunsa kuti densiteyo n'chiyani. Akuti ndi kulimba kofewa. Ndagwedeza mutu monga munthu amene wamva.

Ine ndasankha fodya zaka zoposa makumi awiri, pa kusankha sangandiphunzitse munthu. Ndatsina. Ndanunkhiza. Ndayang'anitsa padzuwa monga timachitira ndi tsamba. Ndakoka m'mphepete kuti ndione ngati ing'ambika. Wogulitsa watopa nane, akuti imeneyo si ya ku okushoni, ndigonepo ndimve ndekha. Wayala pepala lapulasitiki pansi, masiponji pamwamba. Ndagona pa yoyera. Ndagubudukira pa yachikasu. Ndabwerera pa yoyera. Kuti ndimve bwino ndatseka maso, ndikuyerekeza kuti msanawu ndi wa amake Tadala, ndipo ndabuula pang'ono monga amabuulira iwo akamatembenuka.

Potsegula maso: amayi atatu a Chigwirizano a mumpingo mwathu, momwe ine ndili mkulu, madengu pamutu, aima chilili. Zimene akuona ndi izi. Mkulu wa mpingo, dzuwa lili paliwombo, ali chagada pakhomo pa masese, akubuula.

Mmodzi wangoti, "Ambuye atichitire chifundo." Anyamuka. Ndawathamangira kuti ndifotokoze, koma nsapato imodzi inatsala pa siponji, ndipo kuthamanga motsimphina ndi nsapato imodzi sikunathandize mlandu wanga.

Sindinagule kanthu. Nditabwerera kudzatenga nsapato mutu unali utasokonezeka, zonse zinayi zikuoneka zabwino, zonse zinayi zikuoneka zabodza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi bola anagwera kutchire kopanda a Chigwirizano.

Ndabwera ndi sopo basi. Ku chipatala ndipita mawa, ndikakhala ndi nkhani yabwino yowauza.

Lachitatu

Nkhani inafika m'mudzi ine ndisanafike. Akuti ndinaledzera mpaka kuvula nsapato. Ena akuti ndinkaimba. Alembi a mpingo atumiza uthenga kuti akufuna kucheza nane Lamulungu, ndipo kucheza kwa alembi a mpingo sikukhala ndi tiyi.

Pa Msundwe lero sindiponda. Ganizo latsopano: kodi makolo athu ankagula densite? Makoko a chimanga ali mulu kuseri kwa nkhokwe, aulere. Ndipanga yanga.

Zofunika:
- matumba anayi a feteleza, ochapa
- singano yosokera mabelo
- twaini
- makoko
- kupirira

Ndasoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chala chabayidwa katatu, chala chomwecho. Chimene chatuluka chikuoneka ngati nkhumba yogona, koma ndagoneka matiresi pansi, ndachiyala pamwamba pake, ndagonapo.

Phokoso! Kungopuma kokha chikuti tswa tswa tswa. Nditayesa kutembenuka, galu wa a Makwinja wayamba kuuwa, eni ake n'kutulukira ndi chibonga poganiza kuti mbuzi zandilowera m'nkhokwe. Kuwonjezera apo muli chitsononkho chimodzi chimene chinabisala m'makoko, ndipo chikudziwa pomwe pali nthiti. Ndachisaka ndi manja, chikuthawa. Ndikagona chikubwera. Kenako anankafumbwe ayamba kutuluka m'misoko mmodzimmodzi kudzaona mlendo.

A Makwinja ayang'ana ntchito yanga mwaulemu. Akuti kwawo chinthu chotere amayalira mlendo amene wakhalitsa.

Ndachitulutsa padzuwa kuti anankafumbwe athawe, ine n'kupita ku mjigo. Kutunga madzi ndaphunzira masabata atatu amenewa. Amayi amandipatsa mpata pa mzere, koma ndi chifundo chija chimene chimapweteka kuposa kukanizidwa. Pobwerera ndapeza mbuzi za mudzi wonse zili pa msonkhano pabwalo langa. Zandisiyira twaini ndi thumba limodzi.

M'nyumba muli zii. Ndaphika mbatata, pansi zapserera, pamwamba zaziwisi, ndadya zapakati. Chitenje chobiriwira cha amake Tadala chikadali pa msomali kuseri kwa chitseko pomwe anachikoleka m'mawa wa tsiku la ngolo, chikununkhirabe utsi ndi mafuta odzola. Ndawasowa amake Tadala. Ndalemba, ndachita manyazi, koma sindifufuta.

Ku chipatala sindinapite. Ndikanakawauza chiyani, kuti mbuzi zadya bedi? Mawa.

Lachinayi

Ndawerama kumanga nsapato osabuula. Msana wanga sunakhalepo bwino chonchi kwa zaka zingapo. Sindikudziwa chifukwa chake, ndilibenso nthawi yoganizira zimenezo.

Ndalawirira pa Msundwe, chipewa chotsitsa mpaka m'maso. Wogulitsa wandizindikira ndili patali, wakuwa kuti, "Madala ogona aja!" Msika wonse wacheuka.

Lero ndasankha ndili chiimire. Ndatenga yachikasu ya thireyi ya mazira. Zifukwa:
1. Ndi yofewa. Wodwala amafuna pofewa, ngakhale mwana akudziwa.
2. Tizitundato tikuoneka ngati za ku chipatala, ndipo a Lufeyo amalemekeza chinthu chimene sakuchimvetsa.
3. Ya njerwa ija ayi. Ine kugoneka mkazi wanga wodwala pa njerwa? Anthu angati chiyani?

Mtengo wake sindilemba, kope lingapse. Ndingoti munda wa kumtunda chaka chino udya mochepa.

Wogulitsa waikulunga, wamanga ndi legeni pa kaliyala. Ndapalasa bwinobwino mpaka pa mtsetse, pomwe mphepo ya mwezi uno imadikira anthu. Legeni yaduka. Siponji yatambasuka kumbuyo kwanga mbali zonse ziwiri, njinga n'kuyamba kusankha yokha njira. Yasankha munda wa munthu. Bondo lasupuka, buluku lang'ambika, siponji ili bwinobwino.

Pa mphambano ndakumana ndi bambo wina wa kabaza wochokera ku Namitete, timadziwana. Akuti amutuma amake Tadala, akufunsa ngati ndili moyo. Ndamuuza akawauze kuti ndili pa ntchito yaikulu, adzaona okha Lamulungu. Ndikufuna adzadabwe. Wandiyang'ana bondo, wandiyang'ana kumaso, wandinunkhiza mochenjera. Zoti za masese zafika kale kumeneko sindikukayika.

Kunyumba ndabwezera matiresi pa bedi, siponji pamwamba. Kukongola kwake! Ndaitana a Makwinja adzachitire umboni. Ndavula nsapato, zonse ziwiri, ndagona m'mphepete. Kwa kamphindi ndamva mtendere, dzina langa linatsala pang'ono kuiwalika ndithu. Kenako ndamva kuti ndikuyenda. Pang'onopang'ono, mofewa, mwaulemu, ndafika m'Dambo.

Dambo lilipo. Langovala jekete.

Siponji yopyapyala imangotsata chimene chili pansi pake. Pakakhala dzenje nayo imachita dzenje. Wogulitsa uja ankadziwa zimenezi, koma ine ndinafunsa za densite, za dzenje sindinatchule, ndinachita manyazi. Komanso poti yakhala yokulunga nthawi yaitali, kumutu ndi kumiyendo ikupindikira m'mwamba, munthu ukukhala ngati wagona m'lichero.

A Makwinja ayang'ana nthawi yaitali akukanda chibwano. Akuti vuto aliona: siponjiyi ndi yosadinda. Akuti ndisataye mtima, mawa tikaonane ndi jeke yodindira fodya.

Ku chipatala kwada kale. Mawa.

Lachisanu

Nzeru ya a Makwinja ndi iyi, ndilembe monga anenera. Fodya akamalowa m'jeke amakhala wofewa, wotukumuka, wopindikapindika. Timamuthira m'bokosi, thabwa pamwamba, amuna awiri n'kupotokola chitsulo mpaka mulu wofika m'chifuwa usanduke belo lolimba, la ngodya zake, loti ungakhalepo osalowa. Ndiye densite amanena wogulitsa uja si china ayi, ndi kudinda basi. Ku fakitale ali ndi jeke yaikulu, ife tili ndi yaing'ono. Siponji ikadindidwa iwongoka, ilimba, idutsa pamwamba pa Dambo ngati mlatho.

Ndinayenera kukana. Koma mawuwo akumveka bwino m'khutu, ndipo munthuyo wadinda fodya pa esiteti zaka zambiri kuposa ine. Mutu umodzi susenza denga, ndinatero mumtima.

Jeke ya kalabu yathu ya alimi ili m'chigafa, yangokhala poti msika wa fodya unatha. Tapinda siponji kanayi. Chiguduli pansi, chiguduli pamwamba, thabwa. Tayamba kupotokola. Siponji ikutulutsa mpweya, ikuti fwiii, momvetsa chisoni. Ine ndati mwina pakwana. A Makwinja akuti, "Onjezerani, achimwene, densite siinalowe." Taonjezera. Tapotokola mpaka chitsulo chakana, thukuta lili kamukamu. Ndaona girisi wakuda akutsika ndi chitsulo n'kulowa pa mng'alu wa thabwa, koma a Makwinja akuti chiguduli chigwira, ndi ntchito yake.

Akuti igone momwemo mpaka mawa, monga belo.

Masana onse ndinali ndi mpata wopita ku Namitete. Ndinafika mpaka popopa njinga. Kenako ndaganiza za a Esinati, amene akayamba kulankhula wodi yonse imachira kuti imvetsere. Ndaganiza zofika kumeneko ndi bondo losupuka, mbiri ya masese, manja opanda kanthu. Amake Tadala sakalipa, amangoyang'ana, ndipo kuyang'ana kwawoko ndimakuopa kuposa pakamwa pa ang'ono awo. Ndati ayi, bola ndikaonekere mawa chipambano chili m'manja. Njinga ndaibwezera m'nyumba ili yopopa bwino.

M'malo mwake:
- ndasesa pabwalo mpaka kwa aneba
- ndachapa nsalu ya pa bedi yopeta mbalame, imene timayala pa Khirisimasi pokha
- ndapaka laimu kukhoma la kuchipinda, pomwe panali zizindikiro za nkhondo yathu ndi nsikidzi
- ndakhala pakhonde, ndayang'ana msewu

Mphasa ikundisunga bwino. Ndikuona ngati ndatalikako.

Loweruka

Lero akutuluka m'chipatala. Ine ndili m'chigafa.

Tamasula jeke. Zotsatira:
- Densite: palibe.
- Tizitunda: mbali ina taphwa, mbali ina tilipo.
- Mopinda muja: mizere yakuya yokana kufutukuka, umodzi wang'ambika mpaka pakati.
- Girisi: chiguduli sichinagwire.
- Fungo: fodya yense amene kalabu yathu yadinda chiyambire.

Ndayetsemula mpaka misozi. Amake Tadala fodya amawatsokomoletsa, nthawi yosankha amamanga nsalu kumphuno. Munthu wa msana wovulala kutsokomola ndi chilango, ndinaona ndekha m'wodi sabata yoyamba ija, akugwira chitsulo cha bedi.

A Makwinja akuti mwina inafunika masiku awiri. Kenako akumbukira kuti kwa Kabudula kuli maliro a mnzawo wa mnzawo. Anyamuka mwaliwiro lomwe sindinaonepo pa munthu wopita kukalira.

Kuchapa basi. Ndaikweza pa wilibala, ulendo ku mjigo ndi sopo wa Lachiwiri uja. Palibe anandiuzapo kuti siponji imamwa madzi osabweza. Ndathira ndowa, yamwa. Ndathira ina, yamwa. Ndikaponda apa thovu likutulukira apo, ndikaponda apo likubwerera apa, lofiirira ngati tiyi. Amayi atula zidebe, akhala pansi kuti aonerere bwino. Mmodzi wa atatu a Chigwirizano aja alipo. Wanena mokweza kwa mnzake kuti bola lero ndi madzi.

Pobwerera wilibala inkalira. Ndayanika pa denga la khola. Ndipo dzuwa, limene latiwotcha sabata yonse, lasankha lero kuti lipume. Mitambo yotuwa, kamphepo kozizira kochokera kummwera, kopanda phindu kwa munthu woyanika.

Ndayesa izi:
1. Kuponda. Madzi akutuluka, koma m'kati akuberekana.
2. Kupinda n'kukhalira. Buluku lachiwiri lanyowa.
3. Kuyandikiza ku moto. Ngodya imodzi yasungunuka, fungo latsopano pamwamba pa lakale.
4. Kupemphera. Ndayamba bwino, koma ndasowa mawu ofotokozera Mulungu za jeke.

Ku chipatala tsopano kulibe chopitira, atuluka kale. Kwa a Esinati sindingafike ndi manja akuda girisi, ndipo ndikachoka, siponji atembenuza ndani? Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndikuopa. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapita kuchokera pamene ndinakagwada kwa malemu apongozi anga kupempha chitengwa, nkhuku ili m'khwapa, ndikulonjeza kuti mwana wawo kwathu sadzagona ndi njala kapena ndi misozi. Za matiresi sitinakambirane. Tadala anakwatiwa ku Mchinji, m'nyumba muno tinatsala awiri. Akachoka mmodzi sindikudziwa kuti chotsalacho chimatchedwa chiyani.

Ndatembenuzanso siponji. Ikudonthabe.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo, pampando wa ochedwa. Ulaliki sindinamve, mutu unali pa denga la khola. Alembi a mpingo akuti kucheza kwathu kudikire sabata yamawa, ndikhale nditaganizira bwino.

Pamwamba siponji yauma. Ndafinya ngodya, sipanatuluke kanthu. Ndayala pa matiresi, mbali ya girisi pansi, ngodya yopsa kukhoma, pamwamba nsalu ya mbalame. Pansi pa bedi ndamwaza masamba a bulugamu kuti alimbane ndi fungo. Ukaima pakhomo n'kutsinzina pang'ono, likuoneka ngati bedi la munthu wanzeru.

Afika dzuwa litapendeka, pa kagalimoto kamatola kobwereka. A Lufeyo atsika kutsogolo. Amake Tadala awatsitsa a Esinati pang'onopang'ono, ndodo ili m'manja. Aonda. Ndapereka moni, ayankha bwinobwino, monga amayankhira munthu wodzagula nkhuku.

Mwamuna salowa kuchipinda kwa mlongo wake, choncho a Lufeyo akhala pabalaza, chipewa pa bondo, atuma a Esinati kuti akaone. Tonse tikumvetsera. Tamva matabwa akulira. Tamva fyooo. Kenako tho, tho, tho, pa masamba a bulugamu. Kenako kulimbana kwa munthu amene akufuna kutuluka m'Dambo koma sakudziwa njira.

A Esinati atuluka. Sanalankhule, koyamba chiwadziwireni. Angotembenuka kuti alongo awo aone kumbuyo kwa chitenje chawo cha ku tchalitchi.

Amake Tadala alowa okha ndi ndodo yawo, ine pambuyo. Akanikiza bedi ndi dzanja, ayang'ana dzanjalo. Fungo lawapeza, atsokomola atagwira m'chiuno, ndipo ululu wake ndaumva ine. Atapuma anena motsitsa, kuti a pabalaza asamve.

"Lachitatu anamwino anaitanitsa amuna athu kuti atiuzire limodzi za kagonedwe. Akuti msana wangawu ukufuna polimba, mphasa pansi kapena thabwa. Pofewa ayi. Amuna a anzanga anabwera."

Ndati ndinali kukonza bedi.

"Sabata yonse ndimayang'ana pakhomo pa wodi, bambo a Tadala. Siponji sindinakutumeni ine."

Ndinali ndi zambiri zonena. Mbuzi, legeni, jeke, a Makwinja. Chimene chatuluka n'chakuti mphasa ilipo, iyo ili pakona, ndagonapo sabata yonse, ndi yabwino kwambiri, ngakhale msana wanga wachira. Ayang'ana mphasa, ayang'ana ine, kuyang'ana kuja.

A Lufeyo sanakweze mawu. Akuti za bedi akanakhululuka, bedi ndi mitengo chabe. Koma munthu amene sanaoneke ku chipatala kuyambira Lolemba, adzaoneka pofunika kumutembenuza wodwala ndi kumusambitsa? Akuti palibe mlandu, palibe chidani, akachira tidzakhala pansi tidzakambirana.

Akachira.

Mphasa apempha, kuti ayale kumbuyo kwa galimoto wodwala agonepo, poti msewu wa ku Nsaru ndi wa mabampu. Ndanyamula ndekha, ndayala ndekha, ndawathandiza kugona. Ndi ntchito yokhayo imene ndagwira bwino sabata ino. Atenga zovala, mabuku a nyimbo, poto wamng'ono. Chitenje chobiriwira cha pa msomali sanatenge. Kaya aiwala, kaya asiya dala, sindinafunse, ndimaopa yankho.

Fumbi la galimoto litatha ndakoka siponji ndaiponya m'khola. Thadzi limodzi lakhalapo kale, likuoneka kuti lamvetsa ntchito ya tizitunda kuposa ine. A Makwinja abwerako ku maliro, asuzumira pa mpanda, aona nkhope yanga, abwerera.

Mawa ndipita ku Nsaru, njinga ndi yopopa kale. Ndawerenga kumbuyo m'kope muno kuti ndione kuti mawu oti mawa ndalemba kangati. Ndasiyira panjira.

Mphasa palibe, ndiye ndabwerera ku matiresi. Ndawatembenuza, mbali yonyowa pansi. Kunja kusanade ndagona m'mphepete mwanga, moyang'ana kukhoma monga ndimachitira tikayambana, ndadikira. Matiresiwa ntchito yawo sanaiwale. Ndatsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'Dambo.

Ndafika. Sindinapezemo munthu.